Woonda, Wonenepa ndi Wapakati

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za masewera a ku maiko akutali, kumene nyengo ya cisanu ikafika madzi a m'nyanja aundana nauma ngati mwala. Ku Canada anthu abvala nsapato zokhala ndi citsulo cakuthwa kunsi, natsetsereka pamwamba pa madziwo, alikukankha kamphira kakuda ndi ndodo zokhota kunsonga, kufikira atakalowetsa m'golo. Masewerawo awacha ice hockey.

M'caka ca 1988 kampani ya ku Japan, dzina lace Nintendo, inaika masewerawa m'kamakina kace kolumikiza ku wailesi ya kanema, kamene kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1983, ndi ku America mu 1985. Pamenepo ngakhale mwana wosaonapo madzi oundana anakhoza kusewera ali khale m'nyumba, alikudina mabatani. Anasankha gulu la dziko limodzi mwa maiko asanu ndi limodzi. Awiri a maikowo palibenso lero, pakuti Soviet Union inatha mu 1991, ndi Czechoslovakia inagawika pawiri mu 1993.

Koma cimene catikondweretsa ife ndi ici. Gulu liri lonse liri ndi goloboyi ndi amuna anai, ndipo masewera asanayambe, wosewera ayenera kusankha thupi la yense wa anaiwo. Alipo woonda: athamanga koposa onse, koma akamgunda agwa msanga, ndipo amenya kamphira mofoka. Alipo wonenepa: ayenda pang'onopang'ono, koma agwetsa anzace, ndipo iye akamenya, kamphira kauluka ndi mphamvu. Alipo wapakati, wosapambana pa kanthu, wosaperewera pa kanthu.

Tsono mwana wofulumira mtima atenga onenepa okhaokha, pofuna mphamvu. Koma oonda a mnzace awapitirira ngati mphepo. Mawa lace atenga oonda okhaokha. Taonani, alikugwa ponseponse, ndi kamphira awalanda. Pambuyo pace azindikira kuti woonda ayenera kuthamanga nako kamphira, wonenepa kuchinga njira ndi kumenya, wapakati kuthandiza kumene kwacepa anthu. Akulu akale ananena zoona kuti cala cimodzi siciswa nsabwe.

Ife tanena izi cifukwa ca cizolowezi cimene ticiona m'nyumba zambiri. Bambo atama mwana wamphamvu pa khasu, nanyoza wofoka thupi. Mai atama wacangu pomtuma kucitsime, nadzudzula woyenda pang'onopang'ono. Ndipo wapakati, amene agwira nchito yace tsiku ndi tsiku wopanda phokoso, palibe womchula dzina. Mwana womlinganiza ndi mbale wace masiku onse akula ndi cisoni, kapena ndi nsanje, ndipo tsiku lina acoka pamudzi wosafuna kubwerera.

M'masewera aja wosewera asankha yekha amuna ace. Inu makolo simunasankha ana anu: munawalandira monga ali. Cifukwa cace yang'anitsitsani yense, mudziwe cimene akhoza, mumpatse nchito yomuyenera, nimumyamike pamaso pa abale ace. Ndipo madzulo ano, pakudya nsima, yambani ndi wapakati uja.