Kamera yakale ya filimu: yambani mwawerengera filimuyo musanatulutse mpamba

Makamera akale a filimu yaikulu, aja akunja amawatcha medium format, ayambanso kuyenda malonda. Achinyamata a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America akuwasaka pa intaneti, ndipo mitengo yake yakhala ikukwera. Kuno kwathu ena akungogona m'mabokosi a ojambula zithunzi akale, ena amabwera ndi achibale ochokera ku Joni kapena ku UK. Ndiye wojambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe, kapena venda wa zipangizo zakale, angafunse kuti: kodi mpamba wanga ndiuikepo?

Yankho langa ndi loti inde, koma pokhapokha mutadziwa kumene filimu muzikaitenga ndi kumene muzikaitsukitsa. Makamerawa amadya filimu yotchedwa 120, imene Kodak inayamba kupanga mu 1901 ndipo mpaka pano ikupangidwabe. Mpukutu umodzi sutulutsa zithunzi 36 ngati filimu yaing'ono ija tinkaidziwa. Kamera ya 6x6 imatulutsa 12 zokha, ya 6x7 imatulutsa 10, ya 6x4.5 imatulutsa 15 kapena 16. Filimuyo ndi yoitanitsa kunja, pa ndalama zakunja zimene aliyense woitanitsa katundu akudziwa mmene zikuvutira, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Phatikizani mtengo wa mpukutu, wotumizira, wotsukitsa ndi wosikana, kenako gawani ndi 12. Ngati kasitomala wanu sangalipire kuposa pamenepo pa chithunzi chimodzi, kamerayo isiyeni. Zithunzi za pasipoti ndi za pa galajuweshoni zisiyireni kamera ya digito. Kasitomala wa filimu ndi wina: banja lofuna chithunzi chimodzi chachikulu chopachika pakhoma, woimba wofuna chikuto cha chimbale, mlendo wa kunyanja.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri. Makamera ena akale, makamaka a Kodak, amalowa filimu ya 620. Filimuyo ndi yofanana m'lifupi ndi 120, koma kamtengo kokulungira n'kowonda, ndipo Kodak inasiya kuipanga mu 1995. Tsegulani kumbuyo muwerenge musanayambe kunenerera.

Pa ndalama zochepa, ine ndingakulozereni ku Yashica Mat-124G, ija ya magalasi awiri kutsogolo, imene inapangidwa kuyambira 1970 mpaka 1986. Ndi yopepuka, ndipo imajambula popanda batire. Batire lake ndi la kachipangizo koyezera kuwala basi, ndipo mabatire a mercury amene kankagwiritsa ntchito analetsedwa kalekale. Musadandaule nazo, foni yanu ikhoza kuyeza kuwala, koma mfundoyi igwiritseni ntchito potsitsa mtengo. Wa studio, amene sayendayenda, aganizire Mamiya RB67. Nayo siifuna batire, kumbuyo kwake kumatembenuka kuti mujambule choimirira kapena chogona osapendeketsa kamera, koma imalemera kuposa makilogalamu awiri. Kuizunguza tsiku lonse pa ukwati, khosi lidzakuuzani.

Hasselblad ndi Rolleiflex ndi zabwino, palibe wotsutsa, koma theka la ndalama mukulipira dzina. Zimene ndimaziopa kwambiri ndi zodalira magetsi, monga Bronica ETRS. Makamera a Bronica anasiya kupangidwa mu 2005, ndipo waya wa m'kati akafa, mmisiri wa mawotchi kapena wa mafoni pamsika sangaidzutse. Ya zitsulo ndi masipuling'i yokhayokha ili ndi mwayi wokonzeka.

Poyesa musachite manyazi, ngakhale wogulitsa akwinye nkhope. Walitsani tochi ya foni m'galasi. Fumbi pang'ono si vuto, koma timizere tooneka ngati ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya galasilo. Ndi chinyezi cha dzinja lathu, makamaka kamera ikakhala kuti inkasungidwa m'mbali mwa nyanja, ili ndiye vuto loyamba kuliyang'ana. Kenako ikani liwiro pa sekondi imodzi, dinani, mumvetsere. Ikamakoka kapena kuima panjira, mafuta a m'kati anauma ndipo pakufunika mmisiri. Siponji ya m'mbali mwa chitseko ikamamata zala ngati phula, ilowetsa kuwala n'kuwononga filimu, ngakhale imeneyi ndi yosavuta kusintha. Kamera ikakhala ndi kachikumba kopindika ngati ka akodiyoni, lowani nayo mumdima, ikani tochi m'kati, muone ngati sikadontha kuwala m'makona.

Wogulitsa akavomera, mupatseni theka, lotsalalo mudzamalize mpukutu woyamba ukatsukidwa. Ndi pokhapo pamene mungaone ngati zithunzi sizikukwerana.

Kwa inu mavenda ofuna kungogulitsanso: musapukute galasi ndi malaya kapena sipiriti, ndipo chogwirira chikakana kuzungulira musachikakamize. Jambulani nambala ya kamera ndi ya galasi, onani mitengo imene yofanana nayo inagulidwadi pa eBay, osati imene anthu akungotchula, ndipo musataye chivindikiro, lamba kapena kachikwama kake. Ogula akunja amawonjezera ndalama chifukwa cha tizinthu timeneti.