Chisoti cha kingi wa mganda chisamagwere m'fumbi

Fodya akatha kugulitsidwa ku Chinkhoma, zigafa zitatsala mbee, midzi ya kwa Mwase ku Kasungu imayamba kumveka ng'oma madzulo. Imeneyo ndi nyengo ya mganda. Anyamata ndi madoda amafola m'mizere atavala akabudula ositidwa bwino, malaya oyera ndi masokosi ofika m'mawondo, kingi wa boma lawo, kutanthauza gulu lawo la gule, ali patsogolo ndi chisoti chake. Wenzulo ikalira, mapazi onse amagunda pansi nthawi imodzi, mitu yonse n'kutembenukira kumodzi. Apa m'pamene chisoti chosakwana chimaululika. Chimatsetserekera kumaso, mwini wake n'kuyamba kuchigwirira ndi dzanja lofunika kuvinira, mwinanso chimathothoka n'kugubuduka pabwalo amayi a chimtali ali maso.

Wina anganene kuti nkhani ya chipewa ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa feteleza kapena mabelo obwezedwa ku okushoni. N'zoona kuti chipewa sichidyedwa. Koma mganda ndi gule wa kutchena ndi mwambo, ndipo maboma awiri akakumana, anthu amaweruza ndi maso asanaweruze ndi makutu. Boma lomwe lasonkha ndalama za fodya n'kugula yunifolomu, koma laiwala kukonza chisoti kuti chikhale pamutu wa mwini wake, lataya theka la ndalamazo.

Chisotichi chili ndi kumene chinachokera. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la Angerezi anathira nkhondo Mwase Kasungu n'kumugonjetsa, ndipo boma lomwe anamanga pamalopo linatchedwa Fort Alston. Mu 1902 kunakhazikitsidwa gulu la asilikali la King's African Rifles, lomwe linalemba amuna ambiri a dziko lino. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe makolo ankaitcha ya Chiwaya, inafika mpaka ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo inakoka amuna ochuluka, ena ngati asilikali, ena ngati atengatenga onyamula katundu. Obwerako anabwera ndi perete m'miyendo. Wolemba mbiri Terence Ranger, m'buku lake la 1975, analondola gule wa Beni kuchokera m'matauni a kugombe la nyanja yamchere monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, mpaka kufalikira kwake mkati mwa Africa. Beni wa ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi mganda wa ku Kasungu, Dowa ndi Ntchisi ndi ana a nyumba imodzi. Zidzukulu za anthu omwe anagonja kwa ovala yunifolomu zinatenga yunifolomuyo n'kuisandutsa chovinira chawo.

N'chifukwa chake kukwana kwa chisoti kuli pawiri: chikwane mutu, chikwanenso mbiri yomwe chikuimira.

Kukwana mutu ndi luso la manja, ndipo m'midzi muno alipo olidziwa. Zipewa zambiri zimachokera pa kaunjika, zinasokedwera mitu ya anthu ena akutali. Zina ndi zisoti za pulasitiki za omanga nyumba zopakidwa penti, zina n'zoumba ndi makatoni kapena zoluka ndi mlaza n'kuzikuta ndi nsalu. Telala wodziwa ntchito sayamba ndi lumo. Amayamba ndi chingwe, kuzunguliza mutu wa wovina pamwamba pa nsidze ndi makutu, pakuti mitu ya akuluakulu imasiyana, yambiri ili pakati pa masentimita 54 ndi 60, ndipo sentimita imodzi yokha ndi yokwanira kugwedeza chisoti. Chikakula, amamata tizidutswa ta siponji ya matiresi akale pachipumi ndi kunkhongo, osati pamwamba pa liwombo, chifukwa siponji yapamwamba imangokweza chisoti n'kuchisiya chikulendewera. Chikachepa, ngati n'cha katoni kapena mlaza, amachinyowetsa pang'ono n'kuchiveka pa mphika kapena chikho cha msinkhu woyenera kuti chiumire pomwepo. Mkati amasokeramo mpango wa nsalu woti uzimwa thukuta, apo ayi katoni imafewa nyimbo yachitatu isanathe. Kenaka lamba wa pachibwano, wochokera ku chikwama chakale kapena mphira ya chubu cha njinga yokutidwa ndi nsalu kuti isamapweteke khungu.

Kuyesa kwenikweni sikuchitikira pagalasi. Wovina avale, aweramire pansi, adumphe, atembenuke mwamphamvu kumanja ndi kumanzere, aombe lipenga lake la chikho. Chisoti chikasuntha, chibwerere kwa telala. Nthenga ndi zokongoletsa zina ziikidwe pomaliza, pakuti nthenga yaitali yoikidwa mbali imodzi imakokera chipewa chonse kumbali yomweyo.

Kukwana mbiri kumafuna kufunsa ndi kuyang'ana. Chisoti chozungulira cha mlomo wotsikira kunkhongo chinali cha Azungu, akuluakulu a asilikali ndi mabwana a kuboma. Chinkapangidwa ndi zinthu zopepuka kwambiri, n'kukutidwa ndi nsalu ya khaki kapena yoyera, ndipo mkati mwake munali lamba wosiya mpata woti mphepo izidutsa. Msilikali wachikuda pa perete ankavala chipewa chachitali chopanda mlomo, chokhala ndi mphonje pamwamba, chomwe Angerezi amati fez. M'magulu ena a King's African Rifles chinali chofiira, koma asilikali a ku Nyasaland ankadziwika ndi chakuda. Boma la mganda lomwe likudziwa zimenezi limadziwa chifukwa chake kingi avale china, a m'mizere avale china. Limadziwanso kuti chisoti cholemera cha wa kabaza wa njinga yamoto, chotseka makutu ndi masaya, sichifanana ndi chilichonse mwa ziwirizi, ndipo chimalepheretsa wovina kumva ng'oma.

Pali odandaula kuti kulimbikira zimenezi n'kulemekeza atsamunda. Dandaulo limeneli liyenera kumvedwa, pakuti yunifolomuyo inabwera ndi msonkho, thangata ndi imfa za atengatenga. John Chilembwe analemba kalata mu Novembala 1914 kutsutsa zoti anthu akuda azifera nkhondo yosawakhudza, ndipo sanalakwe. Koma ovina mganda sanakopere Mzungu ngati ana a sukulu okopera pabolodi. Anaika nthenga pomwe panalibe nthenga, anaika chikho m'malo mwa lipenga la mkuwa, anadzipatsa okha maudindo a kingi ndi akapitawo omwe boma la atsamunda linkawamana, ndipo nyimbo zawo zimanena za m'mudzi mwawo m'chilankhulo chawo. Kudula, kupinda ndi kusoka chisoti mpaka chikwane mutu wa mwana wa kwa Mwase ndi ntchito yomweyo yomwe agogo anaiyamba. Chofunika n'chakuti wosintha adziwe chomwe akusintha. Mnyamata wovala chisoti osadziwa kuti agogo ake aakulu ananyamula mabokosi a zipolopolo kupita kumalire a kumpoto ndiye amene wamanidwa kanthu.

Zoti zichitike sizodula. Boma lililonse likamagawa ndalama za yunifolomu, lipatule ya telala wokonza zipewa, ndipo kuyesa kuchitike masabata angapo tsiku la gule lisanafike, osati m'mawa wake. Nkhalamba zomwe zinavina kale, zomwe zina mwa izo zikusungabe zipewa zawo m'masutikesi, ziitanidwe kudzaonetsa achinyamata mmene mkati mwake munasokedwera. Aphunzitsi okonzekeretsa ana magule a pasukulu asamangowaveka makatoni omata m'mamawa ndi phala la ufa, koma awaphunzitse kuyeza mutu ndi kufunsa mbiri ya chomwe avala. Zithunzi za asilikali akale zilipo ku National Archives ku Zomba, mzinda womwe muli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndiponso kulaibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. A za chikhalidwe ku khonsolo ya Kasungu atha kupempha zithunzi zingapo, kuzisindikiza, n'kuzipereka kwa mafumu kuti zifike m'manja mwa matelala a pakhonde.

Chaka chamawa fodya adzapitanso ku Chinkhoma, ng'oma zidzawambidwanso pamoto, ndipo maboma a kwa Mwase adzaitanizananso. Mwezi umodzi tsikulo lisanafike, kingi aliyense apite kwa telala ndi chisoti chake, chingwe choyezera, ndi nkhalamba imodzi yokumbukira mmene chinkakhalira.