Wezulo wa ntchemberembaye asamangogwidwa ndi aliyense

Tikamakamba za ma Queens, timu ya dziko lathu ya ntchemberembaye, timathamangira ku Gold Coast, kumene mu 2018 anagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53, kapena kwa Mwai Kumwenda amene anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Sydney mu 2015. Tizinyadira ndithu. Koma mtsikana amene adzavale yunifolomu imeneyo m'tsogolo akuphunzira mpirawu lero pa bwalo la fumbi ku Kamwendo, ku Mkanda kapena ku Kapiri kuno ku Mchinji. Womuumba wake si mkulu wa mu ofesi ya Netball Association of Malawi ayi. Ndi mayi wongodzipereka amene wagwira wezulo Loweruka masana, wopanda malipiro.

Ongodziperekawa alipo ambiri. Wina amalawirira kukathira phulusa pa mizere, wina amachapa mabibu, wina amasenza chigubu cha madzi. Palinso wolemba zigoli, amene ayenera kukumbukira timu yoyenera kuyambitsa mpira pakati, pakuti matimu amasinthana chigoli chikalowa. Wosunga nthawi naye ali ndi zigawo zinayi za mphindi 15 chilichonse, ngakhale kuno chigawo chomaliza chimatha kutalika ngati eni bwalo akutsalira. Mwaseka, koma mukudziwa.

Nkhani yanga ili pa oyimbira. Malamulo amafuna oyimbira awiri, aliyense ndi theka lake la bwalo. M'masewera ambiri a m'midzi ndi m'masukulu mumapeza mmodzi, ndipo kawirikawiri ndi mphunzitsi wa timu imene ikusewerayo. Munthu mmodzi sangaone zonse pa bwalo lotalika mamita 30.5. Choyamba kumuphonya ndi mapazi. Wosewera akalandira mpira, phazi limene waponda nalo koyamba angalinyamule, koma asalipondenso pansi mpira ukadali m'manja. Kumudzi atsikana amathamanga nawo ngati nkhuku yobedwa, wezulo ali zii. Chachiwiri ndi masekondi atatu ogwirira mpira. Chachitatu ndi mtunda wa masentimita 90 umene wotchinga ayenera kusiya asanakweze manja. Pamenepa ndi pomwe masewera amasanduka ndewu, zigongono zili m'nthiti.

Ena amati tisavute ana ndi malamulo, bola akusewera. Ine ndikukana. Mtsikana amene wazolowera kukwekweza phazi zaka zisanu, akadzafika ku Lilongwe pa bwalo la Griffin Saenda adzalangidwa mphindi iliyonse, ndipo kochi adzamukhazika pa benchi ngakhale ali ndi dzanja lomwetsa zigoli. Komanso kukoma kwa kaseweredwe kathu, kopatsirana mpira mwachangu ndi mwaluso, kumachokera ku malamulo omwewo. Masekondi atatu ndiwo amakakamiza mtsikana kuganiza msanga, ndipo mnzake amakakamizika kufunafuna mpata.

Sindikudzudzula amayi ogwira wezulowa. Ambiri anaphunzira poonerera, ndipo amapirira mawu a ochemerera amene sanawerengepo lamulo ndi limodzi lomwe. Woyimbira akalakwitsa amatukwanidwa mpaka kumsika, akachita bwino palibe womugulira ngakhale botolo la thobwa.

Andale ndi amalonda okonda kukhazikitsa zikho ndi mabonanza, ndalama zanu zonse zimathera ku mphotho ndi zokuzira mawu. Patulaniko pang'ono kuti aphunzitsi ndi osewera akale a ku Mchinji akumane masiku awiri pa boma, aphunzitsidwe ndi woyimbira wovomerezeka. Nalo bungwe la mpirawu limasulire malamulo m'Chichewa, kapepala kamodzi kokwana m'thumba. Ndipo pa masewera alionse a chikho, woyimbira azichokera ku sukulu kapena mudzi wachitatu, ndalama ya kabaza iperekedwe masewera asanayambe.