Filimu ya ana imene inagawanitsa makolo

Pa 25 November 2015, kampani ya Pixar ya ku America, imene ili pansi pa Disney, inatulutsa filimu ya makatuni yochedwa The Good Dinosaur. Pa zithunzi zoitanila anthu panali kanyama kobiliwila, ka khosi lalitali ndi maso aakulu, kali pamodzi ndi kamnyamata. Makolo anaona kuti iyi ndiyo filimu yopelekezako ana aang'ono pa holide. Ambili anabwelako okondwa. Koma ena anatuluka m'nyumba za kanema atanyamula ana akulila, ndipo dandaulo lao linali ngati mwambi uja wakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Mkangano umenewu unacitikila kutali, koma funso lake lili m'nyumba zathu. Masiku ano mafilimu otele amafika kwa ana athu pa wailesi ya kanema ndi pa foni, kawilikawili ife makolo tili kumunda, kumsika kapena kumsonkhano. Conco ndi bwino kuti tione cimene oonelela anasiyanilana, ndiponso kuti mfundo yoona ili kwa ndani.

Tiyambe ndi nkhani yake. Asayansi amanena kuti ma dinosaur, zinyama zikuluzikulu zakale zija, anatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, cimwala cacikulu cocokela kumwamba citagunda dziko. Opanga filimuyi anadzifunsa kuti: nanga cimwalaco cikanaphonya? M'nthano yao, ma dinosaur sanathe. Anasanduka alimi ndi oweta ziweto, ndipo anthu ndiwo anatsala ngati tinyama tam'thengo.

Mlimi aliyense angauzindikile mudzi wa Arlo, mwini nkhani. Atate ake a Henry ndi amai ake a Ida amalima cimanga m'mphepete mwa mtsinje, kunsi kwa phili. Amagaula ndi mphuno zao, amathilila mbeu ndi madzi a m'kamwa, ndipo anamanga nkhokwe ya miyala yosungilamo cakudya ca m'nyengo yozizila. Mwana akagwila nchito yooneka, amaloledwa kudinda phazi lake lamatope pa nkhokweyo. Abale ake, Buck ndi Libby, anadinda. Arlo, wocepa thupi ndiponso wamantha kotelo kuti amathawa nkhuku za pakhomo, sanadinde. Tsono atate ake anamupatsa nchito yochela msampha kuti aphe mbala imene inali kudya cimanga. Mbalayo inapezeka kuti ndi kamwana ka munthu, ndipo Arlo anagwidwa cifundo, nakamasula. Atate ndi mwana anakalondola m'cigwa mvula ili kugwa, madzi anasefukila, ndipo a Henry anakankhila mwana wao pamtunda, iwo n'kutengedwa ndi madzi. Patapita nthawi Arlo nayenso anagwela mumtsinje, nadzidzimuka ali kutali ndi kwao. Amene anamuthandiza pa ulendo wobwelela ndi kamwana komweko, kamene anakacha dzina lakuti Spot.

Oonelela anagawikana m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la makolo a ana aang'ono. Iwo anati imfa ya tate inaonetsedwa poyela kwambili, ndipo mwana wa zaka zinai kapena zisanu sangaiiwale msanga. Anachulanso malo ena. Pali zimbalame zolusa zimene zimadzionetsa ngati zopulumutsa nyama zovulala pa cimvula, kenaka cimodzi n'kumeza kanyama kamoyo pamaso pa Arlo. Pali pamene Spot akudula mutu wa cikumbu cacikulu ndi mano. Palinso pamene awiliwa akudya zipatso zowola zimene zasasa, n'kuledzela ndi kuona zinthu zacilendo. Makolo ena anafunsa kuti: kodi kuledzela ndi nthabwala yoonetsa mwana? Tiyenela kunena pano kuti ku America filimuyi inapatsidwa cizindikilo ca PG, cimene cimacenjeza kuti muli zina zimene sizingayenele ana aang'ono ndipo makolo ayambe aziona. Koma cizindikilo ndi tizilembo tiwili, pamene cithunzi ca kanyama komwetulila cinali cacikulu ngati khoma.

Gulu laciwili ndi la akuluakulu amene anazolowela mafilimu a Pixar monga Toy Story, Finding Nemo ndi Up. Dandaulo lao linali losiyana kotheratu ndi loyamba lija. Iwo anati nkhani ndi yopepuka, ndi ya ana cabe, ndipo anaionapo kale. Tate wofela m'cigwa mwana akuona anaonekela kale mu The Lion King ya 1994, ndipo ulendo wa wosocela wofuna kubwelela kwao si wacilendo. Anadandaulanso kuti mapili, mitambo ndi madzi zinajambulidwa mofanana ndi zenizeni, cifukwa opanga anagwilitsa nchito miyeso ya malo enieni ya bungwe la boma la United States Geological Survey, koma Arlo anaoneka ngati cidole ca labala coikidwa pa cithunzi ca dziko lenileni. Pa Rotten Tomatoes, pamene amasonkhanitsa ndemanga za akatswili oweluza mafilimu, pafupifupi atatu mwa anai aliwonse anaiyamikila. Kwa kampani ina cimeneco cikanakhala cipambano, koma kwa Pixar cinali cotsika. Pa mphoto za Oscar za 2016 siinasankhidwe n'komwe kuti ipikisane, ndipo mphoto inatengedwa ndi Inside Out, filimu ina ya Pixar yomweyo.

Gulu lacitatu silinamveke kwambili, koma silinali laling'ono. Kampani ya CinemaScore, imene imafunsa anthu potuluka m'nyumba za kanema tsiku loyamba, inapeza kuti oonelela anaipatsa giledi ya A. Ambili a iwo amakumbukila malo amodzi. Ndi usiku, m'mphepete mwa mtsinje. Arlo afuna kufotokozela Spot tanthauzo la banja, koma Spot salankhula. Tsono Arlo azika timitengo tisanu mumcenga, natizinga ndi mzele. Spot nayenso azika timitengo titatu, agwetsa tiwili natikwilila ndi mcenga. Kenaka Arlo agwetsa kamodzi, ka atate ake. Popanda mau ambili, aliyense wadziwa kuti mnzake ali pa malilo.

Zimenezi sizinangocitika. Wotsogolela filimuyi, Peter Sohn, anabadwila ku New York kwa makolo ocokela ku Korea. Iye wakhala akusimba kuti amai ake sanali kumva bwino Cingelezi, ndipo akapita kukaonelela filimu iye ndiye anali kuwamasulila. Koma ataonelela Dumbo, pa malo amene njovu yotsekeledwa ikugwila mwana wake ndi citamba, amaiwo anamva zonse popanda womasulila. Ndiye cifukwa cake The Good Dinosaur ili ndi mau ocepa. Cimene gulu laciwili linacha kupepuka, gulu lacitatu linati ndico cimene cimalola agogo osadziwa Cingelezi ndi mdzukulu wao kuimvetsa pamodzi.

Nanga ndalama zinati ciani? Anthu ambili amaweluza filimuyi ndi mau amodzi akuti inaluza. Ndi zoona. Kuipanga kunadya madola a ku America pakati pa 175 ndi 200 miliyoni, osawelengela ndalama zoilengezela, ndipo pa dziko lonse inabweletsa pafupifupi madola 332 miliyoni. Pakuti eni nyumba za kanema amatengapo pafupifupi theka la ndalama za matikiti, zotsalazo sizinakwane, ndipo inakhala filimu yoyamba ya Pixar kuchedwa yolephela pa malonda. Inside Out, imene inatuluka mu June caka comweco, inapitilila madola 850 miliyoni.

Koma kuluza kumeneku kunali ndi zifukwa zina kupatula maganizo a oonelela. Filimuyi inayenela kutuluka mu May 2014. Mu 2013 wotsogolela woyamba, Bob Peterson, anacotsedwapo cifukwa nkhani siinali kuyenda, ndipo Peter Sohn ndi anzake anailembanso pafupifupi yonse, n'kusintha ambili mwa olankhulamo. Zinali ngati munda umene waubzala kawili, mtengo wa mbeu ndi aganyu wakwela cimanga cisanamele. Ndiponso patangopita milungu itatu, pa 18 December 2015, kunatuluka Star Wars: The Force Awakens, imene inakokolola mabanja onse. Conco ndalama zimatiuza kuculuka kwa amene anagula matikiti, sizitiuza cimene anamva mumtima. Peter Sohn yemweyo anatulutsa Elemental mu 2023. Inayamba mofooka, anthu anafulumila kuiimbila nyimbo ya malilo, koma oonelela anauzana okhaokha kufikila inayandikila madola 500 miliyoni.

Tsopano tibwele ku funso limene litikhudza: kodi makolo odandaula aja anali ndi mfundo?

Mbali ina, iyai. Imfa m'nkhani za ana siinayambe mu 2015. Mu Bambi ya 1942 mai wa kagwape aphedwa ndi mlenje. Mu The Land Before Time ya 1988, imenenso ndi ya ma dinosaur, mai wa Littlefoot afa atamenyana ndi cilombo, ndipo ngakhale pamenepo Steven Spielberg ndi George Lucas anali atacotsako kale mphindi zingapo zimene anaziona kuti ndi zoopsa kwambili kwa ana. Nazo nthano zathu sizinali za uci wokhawokha. Munali zilombo zomeza anthu, afisi odikila pa njila ya kumadzi, ana amasiye ozunzidwa. Agogo athu anadziwa kuti mwana amene wakumana ndi mantha m'nthano, atakhala pafupi ndi moto, amalimba mtima podzakumana nao m'moyo. Filimuyi nayo iphunzitsa comweco. Butch, dinosaur wamkulu woweta ng'ombe amene ali ndi zipsela kumaso, auza Arlo kuti ngakhale iye amacita mantha, ndipo nchito ya munthu ndi kupitiliza ulendo manthawo ali pomwepo.

Koma mbali ina, makolowo anali ndi mfundo yaikulu, ngakhale kuti ambili sanaichule bwino. Pakati pa agogo ndi kanema pali kusiyana. Agogo posimba nthano amayang'ana nkhope za ana. Akaona wamng'ono wayamba kunjenjemela, amafewetsa mau, amaikapo nyimbo, kapena amamukokela pamiyendo. Amadziwanso kuti mwana uyu anataya atate ake mwezi watha, conco nthano ya lelo ikhale ina. Kanema alibe maso. Amaonetsa cimodzimodzi kwa wa zaka zitatu ndi kwa wa zaka khumi, kwa amene ali ndi makolo onse ndi kwa wamasiye. Ku America ana analila makolo ali pambali pao, ndipo ndico cifukwa dandaulo linamveka. Mwana amene wasiyilidwa foni m'nyumba yekha amalila popanda womumva, ndipo usiku akadzidzimuka sitidziwa kumene mantha acokela.

Tisaiwalenso kuti zimene zili nthano kwa mwana wa m'tauni yaikulu ya ku America, kwa mwana wa mlimi si nthano. Iye adziwa mtsinje wodzala umene suwolokeka. Adziwa nkhokwe imene yatha mvula isanagwe. Ndipo pamene amai a Arlo, atatsala okha, akugwa m'munda ndi kutopa pothamangila kukolola cisanu cisanafike, pali ana pakati pathu amene aona amai ao ali conco. Kwa mwana wotele filimuyi ingakhale mankhwala, ingakhalenso kutosa cilonda. Cimene cisiyanitsa ndi munthu amene wakhala naye pambali.

Conco malangizo ndi osavuta. Filimu kukhala ya makatuni sikutanthauza kuti ndi ya mwana wa msinkhu uliwonse. Kholo liyambe laionelela, kapena lifunse amene anaiona. Ana amene sanayambe sukulu angadikile. Okulilapo aionele pamodzi ndi wamkulu, ndipo ikatha afunsidwe mafunso: n'cifukwa ciani Arlo anaimba Spot mlandu wa imfa ya atate ake? Analakwa kodi pomasula wakuba cimanga? N'cifukwa ciani pomaliza anamulola kupita ndi banja la anthu anzake, ngakhale kuti anali kumukonda? Mayankho a ana adzakuuzani zambili zimene zili m'mitima yao.

Anawo adzafunsanso ngati zinyama zimenezi zinaliko. Auzeni zoona. Zinaliko, ndipo mafupa a dinosaur wa khosi lalitali ngati Arlo, wochedwa Malawisaurus, anafukulidwa ku Karonga m'dziko loyandikana nafe la Malawi, kumene cigoba cake cionetsedwa m'nyumba yosungilamo zinthu zakale. Koma sizinalime cimanga, ndipo sizinakhalepo nthawi imodzi ndi anthu. Kusiyanitsa nthano ndi zenizeni nakonso ndi phunzilo limene kanema sangapeleke yekha.

Pa mapeto a filimu, Arlo afika kwao nadinda phazi lake pa nkhokwe, pakati pa phazi la amai ake ndi la atate ake. Oonelela a ku America anakangana ngati ulendo wofikila pamenepo unali woopsa kwambili kapena wopepuka kwambili. Ife tisawasiyile iwo ciweluzo ca ana athu. Mwana aliyense ali ndi msinkhu wake ndi zilonda zake, ndipo amene azidziwa ndi kholo, osati kampani ya ku California.