Anabadwa m'matipate, akulakalaka Kamuzu

Pa doko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, anyamata oyanika matemba akayamba kudandaula za mtengo wa ufa ndi maukonde, sipachedwa kumveka mawu akuti, "Dziko lino likufunika Kamuzu wina." Ambiri onena izi anabadwa 1994 itadutsa. Khadi la chipani sanaligwireko.

Sindiwanyoza ayi, chifukwa maboma m'dziko muno amagwedezeka ndi anthu a msinkhu wawowu. Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume anali asanakwane zaka 30 pamene Kamuzu ankafika mu 1958. M'badwo wa makolo awo unali utaona mfuti za atsamunda zikuthetsa kuukira kwa Chilembwe mu 1915, ndipo unaphunzira kuweramitsa mutu. Anawo mantha amenewo analibe. Chitaganya chinatha mu 1963, ufulu n'kubwera mu 1964.

Zaka pafupifupi 30 zitadutsa, maepiskopi atatulutsa kalata yawo mu March 1992, ophunzira a pa Chancellor College kuno ku Zomba ndi amene anayamba kuguba. Iwo thangata ankangolimva kwa agogo. Chimene ankachidziwa n'kubwezedwa pachipata cha msika ndi a Youth League chifukwa chosowa khadi, ndi kunong'ona ngakhale m'nyumba mwako momwe. Pa 14 June 1993 anthu anasankha nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi.

M'badwo uliwonse umamva ululu wa bala lake lokha. Mnyamata wa kwa Mwambo waona nyanja ikuphwa mu 2012 ndi mu 2018, mabwato ali gwa pamatope, anthu akuyenda wapansi kupita ku Chisi. Waona andale akubwera ndi nsalu ndi malonjezo, n'kuzimiririka mavoti akangowerengedwa. Ukamuuza kuti demokalase ndi yabwino, amafunsa kuti yamupatsa chiyani, ndipo funsolo n'loyenera. Achinyamata anzake ndi amenenso anadzaza misewu mu 2019, khoti lisanafafanize chisankho mu February 2020.

Koma ndende ya Mikuyu ili pafupi pompa, pakati pa Zomba ndi nyanjayi. Jack Mapanje anakhalamo kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Enanso ambiri amene mayina awo sanalembedwe m'mabuku anavutikira momwemo.

Inu amene munagulapo khadi la mwana ali kumsana, musafe nayo nkhaniyi. Auzeni ana anu zonse, za chimanga chotsika mtengo cha ku ADMARC ndi za Mikuyu zomwe, asanasankhe boma limene adzalere nalo ana awo.