Mvula isanagwe, mupatseni mwana wanu mphindi 20 zosewera ndi nthano

 Chiperoni chatha, majuzi tapinda, dzuwa la Seputembala layamba kuwomba. Kusosa tayamba, inde, koma ntchito yeniyeni ibwera ndi mvula. Ikangogwa, tiyi aphuka, ndipo amene mumathyola ku Satemwa, ku Conforzi, ku Makandi kapena ku Naming'omba muzichoka m'bandakucha n'kubwerera msana uli thapsa ndi thukuta. Ndiye nthawi yoyambitsa chizolowezi chabwino kwa mwana ndi ino.

Ambiri mwaona pa Facebook zithunzi za ana akunja akudziwongola pa timikeka tokongola, akuti yoga, ena atanyamula mabuku a zithunzi onyezimira. Mwakhala mukundifunsa kuti, "Anesi, zimenezi n'zofunikadi, kapena ndi za anthu a ndalama?" Maganizo anga ndi awa: chofunika m'menemo si mkeka wogula kapena buku lodula. Chofunika n'chakuti thupi la mwana ligwire ntchito, ndipo munthu wamkulu azicheza naye tsiku lililonse. Ziwirizi zili kale pakhomo panu.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira? Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana akwanitse zaka 2. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 kuno ku Malawi ndi opinimbira. Tikamva zimenezi timaganiza za chakudya basi, ndipo n'zoona kuti magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsa kusikelo ndi ofunika. Koma ubongo sudya phala lokha.

Ku Jamaica, m'ma 1980, alangizi a zaumoyo ankayendera mabanja osauka a ana opinimbira sabata iliyonse kwa zaka 2. Ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha ndi timabuku ta zithunzi. Patatha zaka 20, ana aja atakula, ankapeza ndalama zambiri kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe: pamene mnzawo wapeza 100, iwo ankapeza pafupifupi 125. Amayi amenewo anali ngati inu ndi ine, a m'nyumba zopanda zambiri.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019. Khanda losakwana chaka lizigonekedwa chafufumimba lili maso, inu mukuliyang'anira, mphindi zokwana 30 pa tsiku, pang'onopang'ono. Likamagona tulo, ligone chagada. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 azisewera moyendayenda maola atatu pa tsiku. Asakhale womangika malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, ngakhale kumbuyo kwa mayi. Wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Sindikunyoza kubereka ayi. Mwana kumbuyo amamva kutentha kwa mayi, amakhala wotetezeka, ndipo nanunso manja amapezeka ogwirira ntchito. Koma mukafika pamthunzi, mumasuleni. Yalani chitenje, akwawe, agwire chikho, ayesere kuima. Chimene ndikudana nacho ndi chizolowezi chatsopanochi, chakuti mwana akangoti lire, timamupatsa foni kuti akhale chete. Akhaladi chete, koma foni siimuyankha akafunsa, siimuseka akalakwitsa mawu. Mwana amaphunzira kulankhula kuchokera pakamwa pa munthu.

Tsopano za yoga. Inachokera ku India, ndipo ena mwandiuza kuti mumaikayikira chifukwa cha chipembedzo chanu. Palibe wokukakamizani kutchula dzinalo. Kudziwongola ndi kupuma mwakachetechete mwana angaphunzire potsanzira nyama zimene amazidziwa. Yalani mphasa m'mawa kapena dzuwa litapendeka, muyese izi ndi ana oyambira zaka 3:

Mphaka: agwade, manja pansi, akweze msana ngati mphaka wodzuka kutulo, kenaka autsitse.

Kakowa: aime ndi mwendo umodzi, manja atatambasula, muwerenge limodzi mpaka 5, asinthe mwendo.

Chule: anjute, adumphe katatu.

Bulugamu: aime chilili, manja m'mwamba, apendekere uku ndi uku ngati kukuwomba mwera.

Kamba: agwade, apinde thupi, mphumi pamphasa, apume.

Pomaliza akoke mpweya ndi mphuno ngati akununkhiza duwa, autulutse pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha, kasanu. Kupuma kotereku kumathandiza mwana amene wapsa mtima kapena wachita mantha kuti mtima ukhale pansi.

Musamukakamize kupinda thupi pamene akumva kuwawa, musamuimike ndi mutu, ndipo musachite izi atangomaliza kudya. Akafuna kusiya, asiye. Komanso musaiwale zathu: fulaye, phada, jingo, chipako, chibisalirano, mpira wachikulunga. Mtsikana wodumpha jingo akulimbitsa mafupa ndi mtima, wosewera phada akuphunzitsa maso ndi manja kugwirizana, akuwerenganso miyala. Musamuthamangitse kuti akutaya nthawi. Ana oyambira zaka 5 amafunika ola lathunthu la masewera otulutsa thukuta tsiku lililonse, ndipo kutunga madzi sikulowa m'malo mwa kusewera. Mwana wamkazi nayenso apatsidwe mpata, asamangolera mng'ono wake tsiku lonse.

Nanga mabuku? Ndikudziwa yankho la ambiri: "Ine sukulu sindinapite patali, ndimuwerengera chiyani?" Mayi anga, buku la zithunzi silifuna satifiketi. Mukhazikeni mwana pamiyendo, lozani chithunzi, mufunseni kuti, "Ichi n'chiyani?" Dikirani ayankhe. Akati "mbuzi", inu onjezerani: "Eya, mbuzi yoyera. Ikudya chiyani? Imalira bwanji?" Asiyeni atembenuze tsamba yekha. Akafuna buku lomwelo mawa ndi mkuja, musatope, ana amaphunzira pobwereza. Lankhulani chilankhulo cha pakhomo panu, kaya Chichewa, Chilomwe kapena Chimang'anja. Mwana wotere akamakayamba Sitandade 1 pa zaka 6 amakhala akudziwa kugwira buku, kumvetsera ndi kuyankha aphunzitsi mopanda mantha.

Buku mungapange nokha. Dulani katoni ya sopo zidutswa 6 zofanana. Matanipo zithunzi za pa kalendala yakale, nyuzipepala kapena mapaketi a mbewu, pomatira phala la ufa wa chinangwa likwanira. Boolani m'mbali, musoke ndi ulusi wa thumba la feteleza. Mkulu wake amene ali pasukulu alembe dzina pansi pa chithunzi chilichonse. Amene muli ndi foni ya intaneti, pa African Storybook pali nkhani za zithunzi zaulere, zina m'Chichewa. Muziwerenga muli limodzi, osangomusiyira foniyo. A National Library Service nawonso anasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani. Funsaninso kusukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwanu, ndipo ngati mwana wakwana zaka 3, kamulembetseni.

Agogo, nthano zanu za Kalulu ndi Fisi ndi buku lomwe silinyowa ndi mvula. Mukamati "Padangokhala" ana n'kuvomera "Tili tonse", akuphunzira kudikira, kumvetsera ndi kukumbukira. Abambo, ntchito iyi si ya amayi okha. Mphindi 10 musanapite ku bawo kapena kukaonera mpira sizingakusaukitseni.

Chenjezo la nyengo ino. Kukutentha, ndiye ana asasewere padzuwa la masana, ndipo azimwa madzi pafupipafupi, owiritsa kapena othira klorini. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, liziyamwa pafupipafupi basi. Kusamba m'madamu ndi m'madzi odikha kumabweretsa likodzo, ndipo mukaona magazi m'mkodzo pitani naye kuchipatala. Sesani pabwalo, chotsani minga ndi magalasi, njoka nazo zatuluka. Asambe m'manja ndi sopo akamaliza kusewera, asanadye.

Ndinenenso momveka: masewera ndi nthano sizichiza matenda. Mwana akatentha thupi, akamapuma mobanika, akakomoka, akamakana kuyamwa kapena kusanza chilichonse, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akatsegula m'mimba yambani Thanzi ORS muli panjira. Mwana amene ankasewera bwino n'kungoyamba kukhala ndwii, ameneyo akukuuzani kuti sali bwino. Ndipo ngati wafika chaka ndi theka asanayambe kuyenda, kapena zaka 2 osatchula mawu, auzeni alangizi a zaumoyo kusikelo. Musadikire kuti akula nazo.

Pempho langa ndi laling'ono: mphindi 10 pamphasa m'mawa, mphindi 10 za buku kapena nthano madzulo. Yambani sabata ino, kuti tiyi akamadzaphuka mu Disembala, mwana azidzakukumbutsani yekha, ndipo mukatopa agogo kapena mkulu wake adzapitirize.

Tiuzeni, kwanuko ana amakonda masewera anji, nanga nthano imene munkaikonda muli mwana ndi iti? Uthengawu muwauzenso anzanu amene alibe foni, kumjigo, kutchalitchi, kumzikiti ndi ku banki mkhonde. Mukhale ndi tsiku labwino, ana athu akule ndi thanzi.