Ndalama ya Ulendo Imawerengedwa Kuyambira Pobwerera

Ana anga a kuno kum'mawa, kwa ife a ku Chipata kunja kwa dziko si kutali. Ukakwera galimoto m'tauni m'mawa, dzuwa lisanatenthe wafika kale pa Mwami, ndipo kutsidya kwake ndi Mchinji. Lilongwe ili pafupi nafe kuposa Lusaka. Wa ku Katete akalunjika ku Chanida, posakhalitsa waponda Cassacatiza, njira ya ku Tete. Maliro, maukwati, matenda a abale ndi malonda zimatiwolotsa malire mwezi ndi mwezi, ndipo kufupika kumeneku n'kumene kumatipusitsa. Wopita ku Johannesburg amakhala pansi masiku angapo kuwerengera ndalama zake. Wopita ku Lilongwe amangotapa m'chikwama n'kunena kuti, "Ndikaonera konko." Ambiri akalirira konko.

Kwacha yathu ndi ya ku Malawi dzina n'limodzi, koma mphamvu n'zosiyana. Kwacha imodzi ya kuno imagula makwacha a ku Malawi makumi angapo. Ukapereka mapepala atatu a K100 amakuninkha mpukutu wodzaza dzanja, mtima n'kuyamba kudumpha poganiza kuti walemera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsidyako mbale ya nsima ndi ya masauzande, minibasi ndi ya masauzande, chipinda chogona ndi cha masauzande makumimakumi. Ife akale tinkawadziwa bwino masamu otere, chifukwa nafenso tinkagula buledi ndi masauzande mpaka pa 1 Januwale 2013, pamene Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha yathu. Inu amene mwakula pambuyo pake maso anu sanazolowere kuwerenga maziro, ndipo wosintha ndalama wopanda chilungamo amadyera pomwepo.

Mukatsika pa boda, phazi lisanakhazikike, anyamata akuzungulirani. "Bwana, reti yabwino ili kuno! Amayi, musapite uko, akuberani!" Mmodzi amatulutsa foni, n'kudinadina manambala mofulumira, n'kukuonetsani kamphindi chabe. Ziro mmodzi akasowa pamenepo simungaone. Wina amawerenga mpukutu ndi chala chachikulu, phaphapha, pamwamba ndi pansi pali mapepala a K5,000, koma pakati walowetsapo a K500. Uku kondakitala akuimba hutala kuti galimoto ikunyamuka. Nthawi zina ndalama yanu ili kale m'manja mwawo, wina amakuwa kuti apolisi akubwera, amakubwezerani mapepala anu atapinda, onse n'kumwazika. Mukawerenga muli m'galimoto, awiri palibe.

Sindikunena kuti onse oima pa Mwami ndi akuba. Alipo amene akhala pamenepo zaka zambiri, akudyetsa ana awo ndi kaphindu kakang'ono koonekera. Koma wachilungamo sakwiya mukamawerenga pang'onopang'ono. Ndalama yanu isatuluke m'thumba mpaka mutawerenga yake, pepala limodzilimodzi, ndipo masamu muchite pa foni yanu, osati yake. Ndaona amuna akuluakulu akuchita manyazi kuwerenga pamaso pa anthu, kuopa kuoneka amphawi kapena osakhulupirira anzawo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Galimoto ikakusiyani ina ibwera.

Tinene poyera: mtengo wa m'misewu umakopa, makamaka zaka zino pamene madola akusowa ku Malawi ndipo reti ya pamsewu yasiyana kutali ndi ya ku banki. Komabe lamulo la mayiko onse awiri limalola mabanki ndi malo osinthira ndalama okhala ndi chilolezo basi. Kumeneko amakupatsani lisiti. Pamsewu mukalandira pepala lachinyengo mulibe kokadandaula, ndipo wapolisi akakupezani, inunso muli ndi mlandu. Aliyense ayeze yekha ngati kaphindu kameneko kakulingana ndi kugona m'chitokosi kudziko la eni.

Nanga munyamule zingati? Yambani kuwerengera kuchokera pobwerera. Ndalama yoyamba kuipatula ndi yokufikitsani pakhomo panu, ndipo ili pawiri: ya ku Malawi yokufikitsani ku Mchinji, ndi ya kuno yochokera pa Mwami mpaka kwanu, kaya ndi ku Kapata, ku Chadiza kapena ku Lundazi. Imeneyi isagone m'chikwama chimodzi ndi zinazo. Amayi aimange paokha m'kansalu ka m'kati, abambo aiike m'thumba limene dzanja silipitamo kawirikawiri. Musaibwereketse, musaigulire chitenje ngakhale chikongole bwanji, musaiponye m'mbale ya chipepeso chifukwa choti anthu akuyang'ana. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mlendo wopanda ya basi amasanduka katundu wa eni nyumba amene mwina ali kale pa chisoni.

Mukapatula imeneyo, werengani chakudya ndi pogona pa masiku amene mukakhale, n'kuwonjezera tsiku limodzi kapena awiri. Mwambo wa maliro umatha kudikira mwana wochokera kutali. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira ku Malawi, magalimoto amachepa pamsewu ndipo mtengo umakwera tsiku lomwelo. Pamapeto pake ndiye muike ndalama ya chimene mwapitira.

Musasinthe zonse nthawi imodzi. Wosintha aliyense ali ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, choncho mukasintha popita n'kusinthanso zotsala pobwera, mwadulidwa kawiri. Kusunga makwacha a ku Malawi m'nyumba kuti mudzagwiritse ulendo wina nakonso n'kutaya. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagona ndi mpukutu pansi pa pilo anadzuka mapepala ali omwewo koma ogula zochepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sinthani zimene mukadye, zotsalazo zikhale mu ndalama imene mumaidziwa.

Inu a malonda opita kutali, kudzera ku Nakonde ndi Tunduma mpaka ku Kariakoo mu Dar es Salaam, kapena kumwera ku Joni, nthawi zambiri mumanyamula madola. Polandira yang'anani pepala lililonse. Akale, ong'ambika kapena olembedwalembedwa amakanidwa m'malo ambiri, ndipo mapepala ang'onoang'ono amagulidwa motsika kuposa a 50 ndi 100. Ndalama ikapitirira madola 5,000, lamulo la kuno likuti muiulule kwa a Zambia Revenue Authority potuluka kapena polowa. Kuulula si kulipira msonkho, n'kulemba chabe. Chimene chimalanditsa ndalama n'kubisa. Dziko lililonse lili ndi malire akeake a ndalama zotuluka nazo, ndipo malamulowa amasinthasintha. Safunsa anadya phula. Chiyambire Disembala 2022, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula boda yochitira zonse pamalo amodzi pa Mwami ndi Mchinji, ogwira ntchito a mayiko onse awiri mumawapeza pamodzi, ndiye kufunsa sikutayitsanso nthawi.

Achinyamata amandiuza kuti masiku ano ndalama ili m'foni ndi pakhadi. N'zoona, ndipo n'zothandiza, chifukwa wakuba sangaisolole m'thumba. Koma Airtel Money kapena MTN ya kuno siyankha paliponse mukawoloka, netiweki imagwa, makina a ATM amatha kumeza khadi Loweruka madzulo banki itatseka, ndipo mayi wogulitsa nthochi pa Kamwendo sadziwa za khadi. Musananyamuke uzani a ku banki kwanu kumene mukupita, kuti asatseke khadi poganiza kuti labedwa.

Gawo lina la ndalama lisiyeni kunyumba, kwa munthu mmodzi wokhulupirika amene angakutumizireni pa Mukuru kapena njira ina zinthu zikavuta. Nambala yake muilembe papepala, chifukwa foni ikabedwa imapita ndi manambala onse. Ndipo mumulembere dzina lanu ndendende mmene lilili pa pasipoti kapena chiphaso chimene mwanyamula, pakuti chilembo chimodzi chikasiyana, wopereka ndalama kutsidyako adzakubwezani chimanjamanja.